Paki yanga ya ku Leafy Lake ikutha anthu, ndikulakwitsa pati?

Nabanda wa ku Zomba:
Moni nonse pa gulu. Amene mumasewera RollerCoaster Tycoon, gemu ya pa kompyuta yomanga ndi kuyendetsa paki ya zisangalalo, mundithandize, mutu waima. Mlongo wanga anandisiyira laputopu yake yakale popita ku sukulu, ndiye ndinapezamo gemu imeneyi, yoyamba ija. Paki yoyamba ya Forest Frontiers ndinaidutsa bwinobwino poti amangofuna alendo 250. Dynamite Dunes inanditulutsa thukuta koma ndinapambana. Pano ndili pa Leafy Lake, pomwe akufuna alendo 500 pofika kumapeto kwa Okutobala chaka chachitatu, ndipo rating, nambala yosonyeza mmene paki ikuyendera, isachepere 600. Ine ndili mu Juni chaka chachiwiri. Alendo anafikapo 430, pano atsala 310, rating ili pa 480 ndipo ikutsikabe.

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi ichi. Ndinatenga ngongole yonse imene banki imalola, n'kumanga roller coaster yamatabwa, kasitima ka zisangalalo kothamanga pa njanji yokwera ndi kutsika, m'mbali mwa nyanja ija. Ndinaikhalira masiku atatu usiku ana atagona. Ndi yaitali, imatsika ngati ikugwera m'madzi, kenaka imakhota mwamphamvu kuzungulira mitengo. Ine ndimaiona kukongola. Koma palibe akukwera. Tianthu tija timafika pakhomo, kuima pang'ono, n'kutembenuka. Sitima ikungodikira yopanda munthu, ndalama zikungotuluka.

Wa ku Joni:
Pepani achemwali. Tsegulani coaster yanuyo, pitani pa tsamba la zotsatira za mayeso, mutiuze manambala atatu aja: excitement (kusangalatsa kwake), intensity (kuwopsa kwake) ndi nausea (nseru imene imabweretsa). Tiyambire pamenepo.

Nabanda wa ku Zomba:
Excitement 3.10, intensity 11.42, nausea 7.05. Pa intensity alembapo Extreme. Ine ndimayesa ndi chiyamikiro.

Wa ku Joni:
Matenda ndi amenewo. Intensity ikangodutsa 10, alendo pafupifupi onse amachita mantha, ndipo gemu imadulanso excitement. N'chifukwa chake mukuona 3.10 pa chinthu chachikulu chotero. Mlendo aliyense ali ndi mlingo wake wa zimene angapirire, mukadina pa iye muziona. Ena amakonda zofatsa, ena zowopsa, koma wa 11 ndi wosowa. Yesetsani kuti ikhale pakati pa 6 ndi 9.

Aphunzitsi a Fizikisi:
Ndionjezepo pa zimene anena achimwene a ku Joni. Mayi Nabanda, mwati sitima ikatsika imakhota mwamphamvu. Kodi kona imeneyo ndi yopendekeka kapena yathyathyathya? Ndikufunsa chifukwa sitima imathamanga kwambiri pansi penipeni pa chitunda choyamba. Mphamvu yonse imene tcheni chinaikamo pokwera imasanduka liwiro pamenepo. Mukaikapo kona yaing'ono yosapendekeka, anthu amakankhidwira m'mbali, monga zimachitikira minibasi ikakhota pa raundabauti dalaivala osachepetsa moto. Gemu imayeza zimenezi, imazitcha lateral G. Zikapitirira 2.8 nambala imafiira. Yang'anani pa tsamba lomwelo.

Nabanda wa ku Zomba:
Ili pa 3.34, yofiira psuu. Kona ndi yathyathyathya, aphunzitsi. Sindinkadziwa kuti batani lopendeketsa lija lili ndi ntchito, ndinkayesa n'lokongoletsa chabe.

Aphunzitsi a Fizikisi:
Ndiye musaigwetse yonse ayi, ntchito yanu ya masiku atatu sinapite pachabe. Itsekeni kaye, mufufute kona imeneyo ndi zidutswa zingapo za kutsogolo kwake. Sitima ikatsika ipatseni chitunda china chokwera kuti liwiro lichepe, kenaka mukhote muli pamwamba, pa kona yaikulu yopendekeka. Chitunda chachiwiricho chichepereko kwa choyamba, apo ayi sitima idzalephera kukwera n'kubwerera chammbuyo. Pali tsamba lina la graph limene limaonetsa mphamvu zimenezi sitima ikuyenda. Mukaliyang'ana pa mayeso mudzaona malo enieni pamene mzere ukudumpha. Ine ana a Fomu 3 ndimawaonetsa graph imeneyi pophunzitsa za mphamvu. Amene samamva pa bolodi amamva akaona sitima ikukanika pa chitunda.

Gogo wa Magemu:
Zonsezi n'zoona, koma ndikuona kuti tikuthamangira coaster pamene funso la mayiwa lili pawiri. Coaster yopanda okwera imadya ndalama, koma siingagwetse rating kufika 480 payokha. Pali china chikuwola m'pakimo. Mwana wanga Nabanda, tsegula mndandanda wa alendo, upite pa tsamba limene limasonkhanitsa maganizo awo onse pamodzi. Utiwerengere mizere itatu yapamwamba.

Nabanda wa ku Zomba:
Agogo, ndapeza. Anthu 94 akuti njira ndi yonyansa. 61 akuti asochera. 40 akufuna chimbudzi. Kodi tsamba limeneli linalipo nthawi yonseyi?

Gogo wa Magemu:
Linalipo, ndipo ndilo mtima wa gemu yonse. Tianthu timeneti sitibisa mawu. Tsopano tiuze, osesa uli nawo angati?

Nabanda wa ku Zomba:
Awiri. Ndinali ndi anayi, koma ngongole itandipana ndinachotsa awiri.

Gogo wa Magemu:
Awiriwo adine uone kumene ali. Ndikhulupirira uwapeza ali kutali ndi njira, akutchetcha kapinga. Mu gemu yoyambayi wosesa akangolembedwa ntchito amakhala ndi ntchito zinayi: kusesa, kuthirira maluwa, kukhuthula mabini ndi kutchetcha. Ndiye akaona udzu amaiwala zonse, amangopita nawo mpaka kumpanda. Uchotse chizindikiro pa kutchetcha. Kenaka aliyense umupatse dera lake ndi batani la timapazi tabuluu lija, kuti asamayendeyende paki yonse. Dera la potulukira coaster likhale laling'ono chifukwa masanzi amachuluka pamenepo. Ndipo ulembe ena anayi lero lomwe. Mwa antchito onse wosesa ndiye wotchipa, koma ndi amene amagwira paki.

Ine gemu imeneyi ndinaidziwira pa kompyuta ya ku ofesi cha m'ma 2002, nthawi ya nkhomaliro anzanga akapita kukadya. Zaka zonsezi ndaona kuti munthu akamayamba amakonda njanji, akazolowera amakonda tsache.

Make Yamikani ku Leeds:
Achemwali, pa nkhani ya masanzi: ikani mabenchi ambiri potulukira pa chilichonse chozunguza mutu. Munthu akatsika ali ndi nseru, nkhope imasanduka yobiriwira. Akapeza pokhala amapuma mpaka nseru kutha, akapanda kupeza amasanza panjira. Komanso musaike malo ogulitsa chakudya pafupi ndi polowera coaster. Ine ndinaika tchipisi ndi zakumwa pakhomo penipeni pa mzere poganiza kuti anthu azigula akudikira, zimene ndinaona panjira ya potulukira sindidzaiwala. Mabini nawo ayandikane ndi malo odyera, chifukwa munthu akamaliza chakumwa osaona bini amangoponya pansi.

Kamnyamata ka ku Ndirande:
Ine mabenchi anga amangothyoledwa, ndiye ndinasiya kuika.

Make Yamikani ku Leeds:
Mng'ono wanga, amene amathyola ndi alendo okwiya, ndipo chimawakwiyitsa ndi uve womwewo ndi kuthithikana. Ukasesa bwino kuthyola kumachepa kokha. Mlonda mmodzi kapena awiri pamalo odzaza anthu amathandiza, koma alonda khumi pa njira yodzaza zinyalala ndi kutaya malipiro. Benchi yothyoka umangoikapo yatsopano pamwamba pake.

Nabanda wa ku Zomba:
Agogo munalondola, onse awiri ndawapeza kutsidya kwa nyanja akutchetcha, mizere yokongola ili mbwee pa kapinga pomwe palibe mlendo amafikako. Ndakonza zimenezo. Nanga za kusochera? Njira zanga ndinazikulitsa dala, zina n'zotambalala mabwalo atatu, kuti anthu asamapanikizane.

Wa ku Chipata:
Asisi, pamenepo mpamene pali vuto. Mu RollerCoaster Tycoon yoyamba alendo alibe nzeru zambiri zopezera njira. Kwa iwo bwalo lililonse la njira yotambalala ndi mphambano, ndiye amangozungulirazungulira pamalo amodzi ngati nkhuku yodulidwa mutu, mpaka kutopa ndi kukwiya. Njira ikhale ya bwalo limodzi. Ngati mukuopa kupanikizana, pangani njira ziwiri zosiyana zopita kumalo amodzi. Chabwino koposa ndi njira yozungulira nyanja yonse n'kudzakumananso pachipata, kuti munthu ngakhale alowere kumanzere kapena kumanja, azifikabe. Njira zothera panjira muzidule, kapena muikepo chikwangwani choletsa kulowa. Njira ya potulukira pa chokwera chilichonse iyeneranso chikwangwani chimenecho, kuti anthu asamalowemo chabe.

Ndipo mangani Information Kiosk pafupi ndi chipata, azigula mapu. Mukadzafika pa Evergreen Gardens mudzandikumbuka. Paki imene ija ndi yaikulu, njira zili ponseponse, ndipo akufuna alendo 1000. Chinthu choyamba chimene ine ndimachita kumeneko ndi kudula njira zakutali, kusiya kachigawo kakang'ono pafupi ndi chipata, n'kumatsegula pang'onopang'ono paki ikamakula.

Kamnyamata ka ku Ndirande:
Osocherawo ine ndimangowatola ndi kachopanira konyamulira alendo kaja n'kuwaponya m'nyanja, madandaulo amathera pomwepo.

Nabanda wa ku Zomba:
Iwe, usatero! Ine sindingathe. Pali kamlendo kena kovala malaya ofiira kamene ndakhala ndikukatsatira kuchokera pamene kanalowa. Kanabwera ndi madola 60, kanakwera Merry-Go-Round kawiri, kanagula ayisikirimu, kenaka kanayamba kufunafuna chimbudzi mpaka nkhope kugwa. Ndinakatola n'kukaika pakhomo pa chimbudzi. Ukamationa patali timangokhala ngati nyerere, koma ukadina kamodzi umapeza kali ndi njala yake, ludzu lake, ndalama zake m'thumba.

Gogo wa Magemu:
Komanso mdzukulu wanga, mlendo akafa rating imagwa. Ukudzipweteka wekha. Wosochera umutole umuike pafupi ndi chipata azipita kwawo mwamtendere.

Wa ku Joni:
Tibwerere ku ndalama, poti achemwali ali ndi ngongole. Mukulipiritsa bwanji?

Nabanda wa ku Zomba:
Pachipata madola 25, ndipo chokwera chilichonse madola awiri kapena atatu. Chimbudzi 50 cents.

Wa ku Joni:
Mukuwadula kawiri. Gemu yoyambayi imalola kulipiritsa pachipata ndi pa zokwera nthawi imodzi, koma munthu amene walipira kale pachipata safuna kulipiranso zambiri mkati. Mu RollerCoaster Tycoon 2 anachita kusiyanitsa, paki imakhala ya pachipata kapena ya pa zokwera. Ine ndikanakhala inu ndikanatsegula chipata ulere, n'kukweza mitengo ya zokwera. Coaster yatsopano ya excitement 6 anthu amalipira madola 6 osadandaula. Ikamakalamba mumatsitsa pang'onopang'ono, mukangoona maganizo akuti sindingalipire ndalama zonsezo. Mukaona ambiri akuti mtengo wake ndi wabwino zedi, dziwani kuti mwatchipitsa, kwezani. Chimbudzi tsitsani kufika 10 cents kapena chikhale chaulere, ndipo mumange zina ziwiri. Anthu 40 aja ena akuchiona chimbudzicho koma akukana mtengo.

Ndipo mvula ikayamba, kwezani ambulera kufika madola 20. Mu gemu yakaleyi amagula pa mtengo uliwonse mvula ikamagwa.

Make Yamikani ku Leeds:
Apo pokha achimwene sindikugwirizana nanu. Ndikudziwa kuti zimatheka, koma munthu amene wabwera ndi madola 50 mukamulanda 20 pa ambulera, watsala ndi zingati zokwerera? Mu gemu yoyamba mulibe makina otapira ndalama, anabwera mu yachiwiri. Thumba likauma amapita kwawo, pamene achemwaliwa akufunika anthu 500 akhale mkati pa tsiku lomaliza. Komanso ine mtima wanga sulola. Ndinakulira pa okala ya mayi anga, ndipo ankakana kukweza mtengo wa makandulo magetsi akazima. Ankati kasitomala amakumbuka.

Wa ku Joni:
Achemwali, mayi anu ankachita bwino, koma a mu gemuwa sakumbuka. Ndipo munthu akatuluka ndalama zitatha, pamalowa wina ndi thumba lodzaza. Pa paki yolipira pachipata ndi phindu lenileni limenelo.

Make Yamikani ku Leeds:
Pa paki yolipira pachipata, inde. Koma inu nomwe mwangowauza kuti atsegule chipata ulere. Ndiye ndalama za mlendo zipite ku zokwera, akhalitse, asangalale, rating ikwere. Ambulera madola 5 akwana.

Wa ku Joni:
Chabwino, pa Leafy Lake ndavomera. Koma pa mapaki ofuna phindu la ndalama ine ndizikwezabe.

Gogo wa Magemu:
Pa mvula pomwepo, pali china. Kukagwa mvula anthu amathawa zokwera zapamtetete, amafuna zofoleredwa. Ukhale ndi Haunted House, tigalimoto togundana tija, ndi zina za denga. Zimaoneka zazing'ono koma mvula ikagwa mizere yake imadzaza pamene ma coaster ali duu. Za kafukufuku wa zokwera zatsopano nazo uzione. Ngati ukulipira madola 400 pa mwezi pamene zomanga uli nazo kale zambiri, tsitsa kaye mpaka ngongole ipepuke, chifukwa chiwongoladzanja sichigona.

Kamnyamata ka ku Ndirande:
Koma akuluakulu, bwanji mukuvutika ndi gemu ya 1999? Pali Planet Coaster, mumatha kukwera coaster yanu n'kumaona ngati muli pampando. Yachiwiri yake inatuluka 2024. Ndinaonera pa YouTube, madzi ake ngati enieni.

Wa ku Chipata:
Mwaiche, unaonera pa YouTube, koma unaisewera? Planet Coaster ndi yokongola, palibe angatsutse, ndipo anaipanga ndi a Frontier omwe anapanga RollerCoaster Tycoon 3. Koma imafuna kompyuta yamphamvu, ndipo kuitsitsa kokha bandulo yake ndi ya mwezi wathunthu. Ine ndinaisewera kwa mnzanga. Kumanga kwake n'kokoma, ukhoza kutha tsiku lonse ukukonza denga la shopu imodzi. Koma ndalama sizivuta kwenikweni, sumva kupanika kumene asisi akumva panopa. Amene akufuna zatsopano koma zokhala ndi mtima wa yakale ayese Parkitect ya 2018. M'menemo ngakhale katundu wa m'mashopu amachita kunyamulidwa ndi antchito, ndipo alendo sakondwa akamaona njira za antchitowo, umayenera kuzibisa.

Aphunzitsi a Fizikisi:
Ndipo chifukwa chimene gemu yakaleyi imayendera pa laputopu iliyonse n'chochititsa chidwi. Anailemba ndi munthu mmodzi, Chris Sawyer wa ku Scotland, yemwe anapanganso Transport Tycoon mu 1994. Pafupifupi yonse, 99 peresenti, anailemba mu assembly, chinenero chimene chimalankhula ndi makina mwachindunji. Anthu ambiri olemba mapulogalamu amachithawa chifukwa n'chotopetsa, kanthu kakang'ono kamafuna mizere yambirimbiri. Koma n'chifukwa chake makompyuta ofooka a nthawi imene ija ankatha kuyendetsa alendo mazanamazana, aliyense ndi maganizo ake, sitima zikuthamanga uku ndi uku, osajema. Kamlendo ka malaya ofiira ka mayi Nabanda kali ndi njala ndi ludzu lake chifukwa munthu ameneyu anakhala pansi n'kuziwerengera zonsezo.

Kamnyamata ka ku Ndirande:
Munthu mmodzi? Ndimayesa ndi kampani yaikulu.

Aphunzitsi a Fizikisi:
Pulogalamu yake ndi iye yekha. Zithunzi anajambula Simon Foster, nyimbo anapeka Allister Brimble. Kampani inali yofalitsa ndi kugulitsa. Ngati ulibe kompyuta, pa foni pali RollerCoaster Tycoon Classic ya 2016, imene inaphatikiza mapaki a yoyamba ndi yachiwiri. Ndi yogula, koma ndi gemu yeniyeniyo. Usaisokoneze ndi zina za dzina lofanana zimene zimangokupempha ndalama mkati.

Nabanda wa ku Zomba:
Abale, ndalira. Ndinakonza kona ija monga ananenera aphunzitsi, intensity inatsika kufika 8.60, excitement inakwera kufika 6.45. Nditangotsegula, mzere unadzaza mpaka kunja, ndinamva kukuwa kwa anthu sitima ikutsika koyamba. Kenaka magetsi phethi. Batire la laputopuyi linafa kale. Sindinaseve.

Make Yamikani ku Leeds:
Mayo ine, pepani achemwali. Koma poti mwadziwa kale pokonza, ulendo uno sizitenga nthawi.

Wa ku Chipata:
Pepani asisi, ifenso kuno timazidziwa zimenezo. Muziseva mwezi uliwonse wa mu gemu ukatha. Chaka cha m'menemo ndi miyezi 8 yokha, Malichi mpaka Okutobala, ndipo chimatenga pafupifupi ola limodzi, ndiye mwezi umodzi ndi mphindi zochepa. Mukadzapeza RollerCoaster Tycoon 2, muikepo OpenRCT2. Ndi ntchito ya anthu odzipereka imene inayamba mu 2014, analembanso gemu yonse kuti iziyenda pa makompyuta a lero. Ndi yaulere, koma imafuna mafayilo a gemu yachiwiriyo, amene amagulitsidwa pa Steam ndi GOG, masitolo a magemu a pa intaneti. Imaseva yokha mphindi 5 zilizonse, mukhoza kufulumizitsa nthawi, ndipo anthu angapo akhoza kumanga paki imodzi pa intaneti. Ngati muli ndi mafayilo a yoyamba, mapaki ake monga Leafy Lake amatsegukanso momwemo.

Wa ku Joni:
Zomanga paki imodzi tonse ine ndalowa. Koma Kamnyamata ka ku Ndirande tisakapatse kachopanira.

Kamnyamata ka ku Ndirande:
Ndasiya akulu, agogo andilangiza. Ndikufuna mundiphunzitse ma coaster. Anga onse amagundana pa siteshoni.

Wa ku Joni:
Amagundana chifukwa ukuyendetsa sitima ziwiri kapena zitatu, ndipo zikulowa mu siteshoni pa liwiro lalikulu. Tsiku limene mabuleki a pa siteshoni afa, yakumbuyo imawomba imene yaima. Uike mabuleki angapo siteshoni isanafike, komabe njanji yakoyo uimange moti sitima izifika itatopa kale yokha, chifukwa mabuleki akhoza kukukhumudwitsa. Ukakayika, yendetsa sitima imodzi yaitali. Mu gemu yachiwiri muli block brakes, amene salola sitima kulowa chigawo chimene muli inzake. Chinanso ndi makaniko. Gemu imaika kuti chokwera chiziyenderedwa mphindi 30 zilizonse, iwe usinthe zikhale 10, ndipo makaniko mmodzi dera lake likhale potulukira pa coaster imeneyo, chifukwa amalowera khomo lotulukira. Ngozi ikachitika anthu amaikana coaster imeneyo kwa nthawi yaitali, amati si yotetezeka.

Ine zimenezi ndinayamba kuziona ndi maso ena nditapita ku Gold Reef City kuno ku Johannesburg. Paki imene ija anaimanga pa mgodi wakale wa golide. Ndinakwera Anaconda, imene mipando yake imalendewera pansi pa njanji miyendo ili lende, koma Tower of Terror, yogwera m'dzenje la mgodi, ndinangoionera pansi. Chimene chinandigwira mtima n'choti tsiku lonse maso anga anali pa zinthu zimene kale sindikanaziona: pamene aika mabini, mabenchi a potulukira, bambo wina wa tsache amene ankangozungulira kadera kake komweko. Ndinamupatsa moni ndi ulemu wonse.

Make Yamikani ku Leeds:
Inenso chimodzimodzi ku Alton Towers, paki ya kuno ku England. Ana anandikakamiza chilimwe chatha. Paki imeneyi ilimo mu gemu yoyamba, inabwera ndi chowonjezera cha Loopy Landscapes pamodzi ndi Blackpool Pleasure Beach ndi Heide Park ya ku Germany. Ndinali nditaisewera kambirimbiri, ndiye titafika ndinkadziwa kuti nyumba yakale ija ili uku, dimba lili kumunsi uko. Yamikani anadabwa kuti amayi akudziwa bwanji njira. Coaster ya Nemesis anakwera yekha ndi bambo ake, ine ndinasunga zikwama. Achemwali a ku Zomba, ngati yanuyo ndi ya Deluxe, yokhala ndi zowonjezera zonse, mapaki amenewa alimo, muwayang'ane.

Nabanda wa ku Zomba:
Ndabweranso, magetsi anayaka cha m'ma 9 usiku. Ndinayambira pa sevu yakale ya mu Meyi. Ulendo uno ndinayamba ndi osesa, coaster pambuyo. Ndalemba asanu ndi mmodzi, aliyense dera lake, kutchetcha ndachotsa. Njira zotambalala ndazichepetsa, ndipo ndalumikiza yozungulira nyanja monga ananenera achimwene a ku Chipata. Pofufuta njira anthu ena anatsala pa udzu, ndinachita kuwatola mmodzimmodzi. Zimbudzi zilipo zitatu, zaulere. Chipata chaulere. Coaster madola 6. Ndinakhala ndikungoyang'ana tsamba la maganizo lija, nambala ya odandaula za uve ikutsika, 94, 70, 31, mpaka mzerewo unasowa. Pano ndili mu Seputembala chaka chachiwiri, rating 710, alendo 465. Ngongole ndayamba kubweza pang'onopang'ono. Ndikuseva mwezi uliwonse.

Gogo wa Magemu:
Wagwira ntchito mwana wanga. Koma usagone, walira mvula walira matope. Anthu akamachuluka zinyalala zichulukanso, ndipo posachedwa uyamba kuona maganizo akuti muno mwadzaza kwambiri. Osesa uziwonjezera paki ikamakula. Chiwerengero cha alendo chikaima osakweranso, ndiye kuti paki yafika pamlingo wa zokwera zimene ilinazo, umange china chatsopano. Kutsatsa malonda usunge, udzachite masabata 6 omaliza Okutobala wa chaka chachitatu asanathe, ngati pangafunike.

Aphunzitsi a Fizikisi:
Ndakondwa kwambiri. Mukafuna excitement ikwerebe pa coaster yomweyo, dutsitsani njira ya anthu pansi pake kapena pamwamba pake, bzalani mitengo pafupi, ndipo kachigawo kena kalowe pansi pa nthaka. Gemu imawerengera zimenezi. Madzi ali pafupi kale, amenewonso amathandiza.

Nabanda wa ku Zomba:
Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Agogo, mawu anu akwaniritsidwa kale, anthu 22 akuti mwadzaza, onse ali pa mphambano ya pachipata pomwe ndinaunjika mashopu. Ndisamutsa awiri apite kutsidya. Tsopano kafukufuku wandipatsa coaster yachitsulo yokhala ndi malupu. Aphunzitsi, kuti sitima idutse lupu imodzi osabwerera m'mbuyo, chitunda choyamba chitalike bwanji?

Aphunzitsi a Fizikisi:
Chipose nsonga ya lupuyo ndi masitepe angapo, ndipo lupu ibwere msanga sitima ikangotsika, liwiro lisanathe. Koma musachitalikitse mopitirira, chifukwa ikalowa mu lupu ikuthamanga kwambiri nambala ya vertical G, mphamvu yokanikizira anthu pampando, ifiira ikadutsa 5, mubwereranso ku mavuto a intensity aja. Mangani, muyese kopanda anthu, muone liwiro pamwamba pa lupu. Ikamadutsa pamenepo mofatsa koma osakayika, ndiye yakhala. Mutitumizire chithunzi cha graph tione limodzi.

Nabanda wa ku Zomba:
Ndimanga usiku uno ana akagona, magetsi akalola. Kamlendo ka malaya ofiira kaja ndakapezanso mu sevu iyi, kali pa mzere wa coaster yamatabwa, katsala ndi madola 14.